Bwana Msaki ndi Uchi wa ku Nthalire

Foni ya Tadala Kachingwe inasiya kulira chakumapeto kwa Seputembala. Osati kuti inawonongeka, ayi. Amayi ake ankaimbabe kuchokera ku Dedza Lamulungu lililonse, a ku ofesi nawonso ankaimba akafuna malipoti. Koma ofuna uchi, anthu amene chaka chatha ankamusowetsa mtendere ngakhale ali m'tchalitchi, onse anangoti zii ngati apangana. Ndipo nthawiyo n'kuti alimi a Kalabu ya Njuchi ya Tiyezge atayamba kufula, ndowa zikuunjikana m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi yake ku Nthalire.

Tadala anali mlangizi wa zaulimi. Boma linamutumiza kumeneko zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo tsiku limene anatsika pa lole, tsitsi lili psuu ndi fumbi, analira misozi yeniyeni n'kulumbira kuti chaka sichitha ali kuno. Koma munthu amazolowera. Anaphunzira kunena monire ndi yewo, moni ndi zikomo wa Chitumbuka, anapeza anzake, kenako anaona chinthu chimene chinamuwawa mumtima: uchi wabwino chotere, wa maluwa a m'mapiri, ukutengedwa ndi mavenda pa mtengo wa tomato wofota. Mkulu wa mavendawo anali Dickson, bambo wa mano oyera ndi njinga yamoto yofiira. Ameneyu ankadziwa bwino kuti mvula ikangogwa msewu wa ku Nthalire umasanduka phala, ndiye mlimi amagulitsa pa mtengo uliwonse umene wauzidwa.

Pofuna kumudutsa Dickson, Tadala anakonzera kalabu tsamba la pa intaneti. Anamuthandiza ndi a Rodwell, bambo wina wa sitolo yotayipa ndi kusindikiza mapepala pa Boma la Chitipa. Anaikapo zithunzi za ming'oma, za amayi akusefa uchi, ndi nambala ya foni yake. Munthu akalemba pa foni kuti akufuna uchi wa kumpoto, tsamba la Tiyezge linkatulukira pamwamba penipeni. Chaka choyambacho kunabwera ogula atatu ndi magalimoto awo, alimi n'kumadabwa kuti anthu a m'tauni awadziwa bwanji. Tadala anawafotokozera kuti pali makina amene amasakira anthu zinthu pa intaneti, ukawafunsa amakulozera kopita. A Levison Kawonga, wapampando wa kalabu komanso mkulu wa mpingo, anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti ameneyo ndi Bwana Msaki. Dzinalo linakhala lomwelo.

Chaka chino mtsikana wa ku Dedzayu anachita kudziguguda pachifuwa. Pa msonkhano wa mu Ogasiti anaimirira n'kuuza alimi onse makumi atatu ndi anayi kuti pasapezeke wogulitsa ngakhale kapu imodzi kwa Dickson. Asonkhanitse uchi wonse pamodzi, ogula afika mvula isanagwe. Anamuwombera m'manja, amayi analuluta. Tsopano uchi unalipo, wochuluka kuposa zaka zonse, koma wogula kunalibe. Anayesa kuimbira ogula atatu aja a chaka chatha: mmodzi anali atagula kale kwina, wachiwiri anatseka sitolo, wachitatu nambala yake sinkapezeka. Mvula ikanapeza ndowazo m'chipinda, mabanja onsewo akanalowa m'dzinja opanda feteleza, ndipo amene anawauza kuti adikire anali iyeyo, mlendo.

Tsiku lina masana anakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki ya intaneti imagwira, n'kulemba mawu aja amene ogula amalemba. Tsamba la Tiyezge silinatuluke. Anatsika nawo mndandandawo mpaka chala chinatopa, anapeza uchi wa ku Zambia, wa ku Tanzania, ngakhale nkhani za munthu amene analumidwa ndi njuchi, koma Tiyezge ayi. M'mawa mwake anakwera matola, kudutsa ku Wenya mafupa akugundana, n'kukafika pa Boma dzuwa litapendeka.

A Rodwell anakankhira pambali makalata a anthu ofunsira ntchito n'kutsegula kompyuta. Analowa malo amene eni masamba amalandirira mauthenga, malo amene Tadala anali asanawatsegulepo chikonzere tsambalo. Kalata ya eni makina osakira, yonena kuti tsambalo lapatsidwa chilango, inali momwemo, itakhala milungu itatu ikudikira. A Rodwell anaiwerenga kawiri, anavula magalasi, n'kumuyang'ana ngati mwana amene wabwera ndi mbuzi ya eni ake.

"Alangizi, mwakhala mukugulitsa malinki?"

Tadala anakana mpaka kulumbira. Iye amagulitsa uchi, anatero, za malinkizo sazidziwa. Apo a Rodwell anamufotokozera modekha. Linki ndi mawu aja amene ukawadina amakupititsa pa tsamba la munthu wina. Kwa makina osakira, linki ili ngati umboni: tsamba lako likaloza kwa wina, ndiye kuti ukuuza dziko kuti uyu ndi munthu wabwino, pitaniko. Chifukwa cha ichi pali akathyali amene amayenda ndi ndalama kugula umboniwo kwa masamba odalirika, kuti awo akwere pamwamba. Eni makinawo amaletsa zimenezi. Akakugwira ukugulitsa umboni amakukankhira kumbuyo kwenikweni kwa mzere, kumene palibe amene amafikako. Atatero anatsegula chigawo china cha tsamba la kalabu chimene pamwamba pake panalembedwa kuti Tikuthokoza, n'kuloza ndi cholembera. Panali mayina makumi asanu, ambiri a iwo obiriwira ngati thambo, kusonyeza kuti ndi malinki.

Kalanga ine! Tadala anakhala pansi pa bokosi la mapepala. Chigawo chimenecho anachidziwa bwino, ndipo chinali chonyaditsa cha kalabu yonse.

Nkhani yake inali iyi. Tsiku lotsegulira tsamba kunali perekaniperekani, monga zimakhalira pa ukwati kapena pa chopereka cha denga la tchalitchi. Aliyense woponya kanthu m'lichero, dzina lake linkatchulidwa mokweza, anthu n'kuwomba m'manja. A Kawonga, amene akhala akulengeza pa maukwati kuyambira kalekale, analamula kuti mayinawo alembedwenso pa tsambalo, chifukwa dzina la wopereka siligona m'thumba. Analembedwa asanu ndi awiri. Patapita miyezi ingapo kunayamba kufika maimelo a anthu osadziwika, a Chingerezi chosalala, onena kuti tsamba lanu ndi lokongola, tikufuna kukutumizirani kangachepe, inu mungoika dzina lathu ndi linki yathu. Tadala anapita nawo ku komiti. Akomiti anaona kuti Chauta watsegula zitseko: abwenzi akunja amva za njuchi zathu. Dzina lililonse latsopano a Kawonga ankaliwerenga pa msonkhano, lilime likupunthwa, anthu n'kuwomba m'manja, kenako n'kulipempherera. Ndalamazo zinagula zovala zofulira uchi ndi ndowa zatsopano, panalibe amene anadyapo ngakhale tambala.

A Rodwell anaseka mpaka kutsokomola, koma ataona nkhope ya Tadala anasiya. Anati mankhwala ake alipo: afufute mayina onsewo pompano, kenako alembe kalata yopempha kuti mlandu uunikidwenso. Ndipo m'kalatamo anene kuti ndi akuba a pa intaneti amene analowa n'kuikamo malinkiwo, chifukwa ambiri amatero. Kompyuta inali pomwepo, ntchito yake ya mphindi zisanu. Tadala anayang'ana mayinawo nthawi yaitali. Anakumbukira pepala la mayina omwewo limene a Kawonga analikhoma pa khoma la ofesi, limene ankalipukuta fumbi ndi mpango wawo. Tsambalo silinali lake, linali la kalabu, ndipo kufufuta mwamseri kukanakhala kuwapita pansi akuluakulu. Anathokoza a Rodwell n'kukafuna malo ogona, m'mawa anabwerera ku Nthalire.

Msonkhano unachitika Loweruka m'kalasi ya Sitandade 8, anthu akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana. Panja, pansi pa mtengo wa mango, panali njinga yamoto yofiira. Dickson anali atamva kale, pajatu nkhani yoipa siyenda pansi. Tadala anafotokoza zonse osabisa, ndipo atafika ponena kuti mayina makumi anayi ndi atatu ayenera kuchotsedwa, a Kawonga anaimirira pang'onopang'ono. Chichewa chawo chinkatuluka ndi kamvekedwe ka Chitumbuka, ndipo akakwiya chinkatheratu.

Anati iwo anabadwa, anakula, tsitsi lachita kuyera, sanaonepo dzina la munthu wopereka likufufutidwa. Munthu wakupatsa zovala zoti njuchi zisakulume, lero umuchotse ngati wakuba? Mawa akamva, ati anthu a ku Nthalire ndi otani? Ngati Bwana Msaki sadziwa ulemu, limenelo ndi vuto la kwawo kumene anakulira. Ambiri anavomereza ndi mitu. Amene sanavomereze anali a Esnat Nyamunthali, msungichuma, mayi wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Iwo anati ulemu ndi wabwino koma suthira chimanga feteleza, ndipo ngati a tcheya akufuna kudya mayina m'dzinja adye okha. Kalasi inasanduka msika, ena akulankhula Chitumbuka, ena Chichewa, wina kumbuyo akung'ung'udza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo Dickson ali panja pomwepa.

Tadala anachita mantha enieni. Anaona kuti kalabu ikhoza kusweka tsiku lomwelo, iye ali pakati. Koma m'phokosomo anamva a Kawonga akubwereza mawu amodzimodzi, akumenya desiki ndi chikhatho, kuti munthu wopereka safuna china chilichonse, amangofuna kumva dzina lake basi. Anadikira phokoso lichepe, n'kukweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Adada, mwati wopereka amangofuna dzina lake?"

"Dzina basi. Palibenso china."

"Ndiye tisafufute dzina ngakhale limodzi. Tingochotsa linki, kanjira kaja kopita kwawo. Dzina likhale. Ndipo tiwalembere onse mwaulemu, tiwauze zimene tachita."

A Kawonga anaganiza, anapukusa mutu, anaganizanso. Kenako anati zimenezo zilibe vuto, chifukwa mnzako weniweni sangadandaule ndi kanjira. Anawonjezera monyadira kuti alangizi aona okha mayankho okoma amene abwere. Tsiku lomwelo Tadala anakwera pa chulu ndi foni yake, dzuwa likuswa mtengo, n'kuchotsa malinki onse limodzilimodzi. Anatumiza kalata kwa onse amene anali ndi adiresi yawo, yoyamba ndi moni ndi kutha ndi madalitso, monga a tcheya ananenera.

Lachitatu komiti yonse inakwera pa chulu kukamva mayankho. A Kawonga anabwera atavala jekete. Tadala anayamba ndi a anthu asanu ndi awiri oyamba aja. Anayi mwa iwo analibe n'komwe malinki, anali anthu wamba opanda masamba. Mphunzitsi wina wopuma wa ku Karonga anayankha kuti achotse ngakhale dzinalo ngati likuvutitsa, iye anapereka chifukwa bambo ake anali mlimi wa njuchi. Amayi a mpingo wina wa ku Mzuzu anati zilibe kanthu, n'kufunsa ngati njuchi zalowa bwino chaka chino. A Kawonga anayang'ana a Nyamunthali ndi diso la kuti mwaonatu.

Kenako anafika kwa abwenzi akunja aja. Ambiri sanayankhe n'komwe. Asanu ndi anayi anayankha, ndipo munalibe moni. Wina anati bwezeretsani linki yathu pasanathe masiku awiri. Wina anati dzina lopanda linki ndi lopanda ntchito kwa ife. Wina anati tinalipira linki, osati mapemphero anu, ngati mwachotsa bwezani ndalama zathu. Tadala ankamasulira liwu ndi liwu, osachotsa osawonjezera, ngakhale mawu ena ankamuchititsa manyazi. Panalibe ngakhale mmodzi amene anatchula njuchi kapena uchi. Pomaliza a Kawonga anapempha kuti aone kwawo kwa mmodzi mwa abwenziwo, amene dzina lake analipempherera kawiri chifukwa anapereka zambiri. Tadala anatsegula tsamba lake n'kuwapatsa foni. Munali mawilo ozungulira, makhadi a njuga, ndi atsikana ovala zosayenera kuonedwa ndi mkulu wa mpingo.

A Kawonga anabweza foniyo ngati yotentha. Ngakhale a Nyamunthali, amene anali ndi mawu okonzeka kale pa lilime, anawameza. Tadala anawamvera chisoni mkuluyo, chifukwa anaona kuti chimene chikuwapweteka si ndalama koma mapemphero aja.

"Ine ndalengeza pa maukwati zaka makumi awiri," anatero pomaliza. "Sindinaonepo munthu woponya ndalama m'lichero akubwera m'mawa mwake kudzaitola. Awa sanapereke, yayi. Awa anagula. Fufutani."

Anatsika pa chulu, anapita okha ku ofesi n'kukamatula pepala lija pa khoma. Analamulanso kuti amene afuna ndalama zawo abwezeredwe kalabu ikagulitsa phula, kuti pasakhale munthu wonena kuti Tiyezge inamudyera. Pa tsamba panatsala mayina asanu ndi awiri.

Inatsala kalata yopepesa kwa Bwana Msaki. Tadala anawauza akomiti za nzeru ya a Rodwell yonamizira akuba, ndipo a Kawonga anakana asanamalize n'komwe. Anati munthu wopalamula sapita ku bwalo ndi bodza, amapita ndi nkhuku. Anafunsa, osaseka, ngati pali njira yotumizira nkhukuyo, ndipo atauzidwa kuti palibe anadandaula kuti dziko lapita kutali. Ndiye anakhala pa mpando, manja pa mawondo, n'kuyamba kunena mawu, Tadala akulemba m'Chingerezi. Ananena kuti ife ndife alimi a njuchi a ku Nthalire. Kwathu kuno munthu akapereka, dzina lake limatchulidwa poyera, ndiwo mwambo wathu. Anthu ena anabwera ngati opereka, ife tinawalandira osadziwa kuti akugula umboni wathu. Ndalama tinalandiradi, sitikukana. Tachotsa malinki onse ogulidwa makumi anayi ndi atatu, mndandanda wake ndi uwu, ndipo sitidzachitanso. Tadala anafuna kuchotsa mawu omaliza akuti Chauta akudalitseni pa ntchito yanu yosaka, koma a tcheya anati akhale. Kalatayo inapita Okutobala atatsala masiku asanu kuti athe.

Ndiye kunayamba kudikira, ndipo kudikira kwa mu Novembala ndi kowawa. Kunkatentha moti agalu ankagona m'ngalande. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana pamwamba pa mapiri, yakuda bii kunsi kwake, n'kumwazikanso madzulo. Tadala ankakwera pa chulu katatu pa tsiku mpaka anthu anayamba kumuseka kuti alangizi asanduka chiswe. A Rodwell pa foni ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ena amayankhidwa pa sabata, ena pa mwezi. Dickson naye sanagone. Ankayenda khomo ndi khomo akumwetulira, ndipo mtengo wake unkatsika sabata iliyonse, akuti chifukwa mafuta akwera. Ankawauza alimi kuti mtsikanayo mawa akhoza kusamutsidwa n'kubwerera kwawo ku Dedza, koma iye ndi wa konkuno.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri chipitire kalatayo kunagwa timadontho, tongonunkhitsa fumbi. M'mawa mwake amuna anayi anafika pa ofesi kudzatenga ndowa zawo. Tadala sakanatha kuwakaniza, uchi unali wawo, ana anali awo. Anatulutsa kiyi. Koma asanatsegule anafika a Kawonga atanyamula mpando wawo wa ndalema, n'kuukhazika pambali pa chitseko. Sanatseke njira. Anangonena kuti aliyense ali ndi ufulu wotenga zake, koma ndowa zawo zisanu ndi imodzi zidzakhala zomaliza kutuluka m'chipindamo, ngakhale mvula igwe mpaka Epulo, chifukwa amene anawerenga mayina aja ndi iwo, osati alangizi. Mmodzi mwa amunawo analowa ndithu, anatenga ndowa zake ziwiri n'kupita nazo kwa Dickson osayang'ana kumbuyo. Atatu enawo anaima, anakanda m'mutu, anayamba kukamba za mbewu ya chimanga, kenako anabalalika manja ali m'thumba.

Yankho linafika tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi, cha m'ma 11 koloko m'mawa. Linali lalifupi, lopanda moni ngati a abwenzi akunja aja, koma lokoma bwanji: taunikanso tsamba lanu, chilango chachotsedwa. Tadala analiwerenga katatu. Anatsika pa chulu akuthamanga, nsapato imodzi inatsalira pamwamba, n'kukawapeza a Kawonga akukonza mng'oma kuseri kwa nyumba yawo. Mkuluyo anamvetsera, anapukuta manja, n'kunena kuti ankadziwa kuti Bwana Msaki ndi munthu woleredwa bwino.

Komabe kukhululukidwa si kugulitsa. Panapita masiku ena anayi tsamba likukwera pang'onopang'ono, mitambo nayo ikukwera. Tsiku lachisanu, Tadala ali pakati pophunzitsa alimi za manyowa, foni inalira m'thumba ndi nambala yachilendo. Anali mayi Jean, a kampani yothira uchi m'mabotolo ku Lilongwe, wogula wachitatu uja wa chaka chatha. Anati foni yawo inabedwa mu Julaye pamodzi ndi manambala onse, ndipo kuyambira Okutobala akhala akusaka Tiyezge pa intaneti osaipeza, mpaka anaganiza kuti kalabu inatha. Lero angoyesa komaliza, n'kuiona ili pamwamba. Anafunsa kuti uchi ulipo wochuluka bwanji. Tadala atawauza, mayiwo anati autenga wonse, asapatse wina aliyense. Mtengo umene anatchula unali woposa wa Dickson katatu, ndipo Tadala anachita kuwapempha kuti abwereze, alimi a manyowa aja amve okha.

Lole inanyamuka ku Lilongwe Lachinayi, inagona pa Boma Lachisanu. Loweruka m'mawa kumwamba kunali kwakuda ngati pansi pa mphika, ndipo kalabu yonse inali pa msewu, makosi atatalika. Lole itatulukira pa kona cha m'ma 10 koloko, ikutsokomola fumbi, amayi analuluta mpaka nkhuku zinathawa. Dalaivala sanafune ngakhale madzi akumwa. Anayang'ana kumwamba n'kunena kuti ngati sadutsa kamlatho ka mitengo kaja pasanathe maola awiri, adzadya Khirisimasi ku Nthalire. Anthu anapanga mzere kuyambira m'chipinda mpaka pa lole, ndowa zikuyenda dzanja ndi dzanja, sikelo ikugwira ntchito, amayi akuimba. Amuna atatu aja ndiwo ankanyamula ziwiriziwiri. Ndowa za a Kawonga zinatulukadi pomaliza, ndipo yachisanu ndi chimodzi ikukwezedwa dontho loyamba linagwa pa chivindikiro chake.

Lole inapita. Anaiperekeza ndi maso mpaka inazimiririka, ndipo patangopita ola limodzi dalaivala anaimba foni kuti wadutsa pa kamlatho kaja. Apo mvula inatsika yeniyeni, ya matalala, anthu onse n'kuthamangira m'kalasi muja. Dickson naye anathawira pakhonde pomwepo, njinga yake yofiira ikunyowa. Anasuzumira pa zenera n'kufunsa mwaulemu ngati patsala kabotolo kamodzi, akazi ake akutsokomola. A Nyamunthali anati katsala, n'kumugulitsa pa mtengo wa ku Lilongwe.

Tadala anakhala pa desiki ya kumbuyo, zovala zitanyowa. Anali wosangalala moti sankadziwa poika manja. Kutsogolo a Kawonga anaimirira n'kutulutsa pepala latsopano m'thumba la jekete. Anati msonkhano sungathe osathokoza opereka, ndipo anayamba kuwerenga mokuwa kuti apose phokoso la malata. Anatchula mphunzitsi wa ku Karonga, anthu anawomba m'manja. Anatchula amayi a ku Mzuzu, anawombanso. Anafika pa dzina lachisanu ndi chiwiri, Tadala n'kuyamba kutolera mabuku ake poganiza kuti zatha.

Koma mkuluyo sanapinde pepalalo. Anati pali dzina lina limene komiti yawonjezera, la munthu amene sanaponye ndalama m'lichero koma anapereka zaka zinayi ndi nsapato imodzi. Anati kuno mwana wamkazi wa pamudzi satchulidwa ngati mlendo, amatchulidwa ndi dzina la bambo ake, kutsogolo kwake kuli Nya, monga amachitira ana a kuno.

"A Nyakachingwe," anawerenga.

Tadala anayang'ana uku ndi uku kufuna mwini dzinalo, mpaka a Nyamunthali anamugunda ndi chigongono kuti aimirire. Anaimirira. Nthungululu zinaposa mvula, ndipo iye, amene analira tsiku lofika ku Nthalire, analiranso pamaso pa kalabu yonse osabisa nkhope. Phokoso litachepa a Kawonga anamupatsa pepalalo kuti mvula ikakata akakwere pa chulu akalembe dzinalo pa tsamba, pansi pa asanu ndi awiri aja.

"Dzina lokha," anatero, chala chili m'mwamba. "Popanda kanjira."